Ulendo woyamba ku Comic Con Africa: mmene mungakonzekere kuti tsiku lisathere pamizere

Comic Con Africa, chionetsero chachikulu cha makatuni ndi magemu ku South Africa, inayamba mu September 2018 pa bwalo la mipikisano ya magalimoto la Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg, ndipo m'masiku atatu okha kunafika anthu oposa 40,000. Chaka chotsatira inasamukira ku Gallagher Convention Centre ku Midrand, masiku anakhala anayi, anthu nawo anafika cha m'ma 70,000. Mliri wa Covid utazilala, mu 2022, inakatsegulira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi sitediyamu ya FNB pamene panachitikira fainolo ya World Cup mu 2010. Mu 2023 kunabadwanso ina ku Cape Town. Ku zionetserozi n'kumene amasonkhana okonda anime, makatuni aja a ku Japan, okonda mabuku a nthano za zithunzi, osewera magemu, ndi anthu ovala ngati ngwazi za m'makatuni ndi m'magemuwo, kavalidwe kamene amati cosplay.

Kukulaku kumabwera ndi zake. Chionetsero chikakhala chaching'ono mumangolowa n'kumayendayenda, pofika masana mwaona zonse. Chikafika pa anthu ochuluka chonchi, chilichonse chimakhala ndi mzere wake: pageti mzere, pachakudya mzere, kuchimbudzi mzere, kufuna kugwira padi ya gemu kwa mphindi khumi zokha mzerenso. Wobwera wopanda pulani amaweruka atangoona misana ya anzake. Malangizowa ndi a munthu wopita koyamba, kaya akukhala kale ku Joni kaya akunyamuka kumudzi kuno.

Yambani ndi tsiku ndi tikiti

Masiku a chionetserochi amasintha chaka ndi chaka. Zaka zingapo akhala akugwera m'sabata ya tchuthi cha Heritage Day cha pa 24 September, koma musagule tikiti ya basi mongodalira zimenezo. Onani masiku enieni ndi malo kwa okonza eni ake, ndipo tikiti mugule komweko, osati kwa munthu wa pa Facebook amene akuti yake yangomutsalira. Tikiti ya masiku ano ndi kachizindikiro ka QR, ndipo munthu mmodzi akhoza kugulitsa kachizindikiro kamodzi kwa anthu asanu. Woyamba kufika pageti ndiye alowe, enawo abwerere.

Loweruka ndi tsiku la chikhamu, ndipo matikiti ake ndi amene amayamba kutha. Ngati mukufuna kuona zovala zapamwamba ndi phokoso lonse, ndilo tsiku lake. Ngati cholinga chanu ndi kusewera magemu ndi kucheza ndi ojambula, sankhani tsiku la mkati mwa sabata, pamene ambiri ali kuntchito ndi kusukulu. Ineyo ndimati wopita koyamba apewe Loweruka pokhapokha ngati ali ndi tikiti ya masiku angapo.

Dziwaninso kuti tikiti yolowera siphatikiza chilichonse. Kujambulitsa ndi katswiri wa mafilimu wochokera kunja, kapena kuti akusainireni chithunzi, kumalipiridwa padera, ndipo nthawi zambiri mtengo wake umaposa wa tikiti yolowera ija.

Ngati mukunyamuka ku Malawi

Pa basi, njira yodziwika ndi ya ku Mwanza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge mpaka Johannesburg. Ulendowu umapitirira tsiku lathunthu, ndipo amene amalamula nthawi ndi maboda, osati dalaivala. Konzani zofika kutatsala tsiku limodzi lathunthu kuti mugone mokwanira. Miyendo yotupa ndi basi singapirire tsiku lina lonse loimirira. Pa ndege, kuchokera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport kukatera ku OR Tambo ndi maola awiri ndi pang'ono. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amalowa mu South Africa popanda viza pa ulendo wongocheza wosapitirira masiku 30. Yang'anitsitsani tsiku limene akudindirani paboda ndipo musalipitirire. Wotchi musaisinthe, nthawi ndi imodzi ndi ya kwathu.

Zitatu zimene zimapunthwitsa anthu ndi ndalama, foni ndi pulagi. Airtel Money ndi Mpamba sizikugulirani kanthu pamashopu a mkatimo. Ogulitsa ambiri amalandira khadi pa timakina ta m'manja, choncho pitani kubanki yanu nthawi ikadalipo mukafunse ngati khadi lanu litagwire ntchito kunja komanso kuti akulolani kutulutsa zingati, poti nkhani ya ndalama zakunja kwathu kuno mukuidziwa. Nyamulaninso ma rand ena m'thumba. SIM ya kumeneko, ya Vodacom kapena MTN, amailembetsa ndi pasipoti, ndiye muigule tsiku lofika, osati m'mawa wa chionetsero. Pulagi ya kwathu ya mano atatu amakonamakona silowa m'masoketi a ku South Africa, amene mabowo ake ndi ozungulira. Adaputa ndi yotsika mtengo, koma kuifunafuna usiku foni itazima n'kowawa.

Sankhani zinthu zitatu basi

Apa ndiye pagona nkhani. Kutatsala masiku ochepa, okonza amatulutsa ndondomeko ya zochitika ndi mapu a maholo. Khalani pansi ndi cholembera, muwerenge zonse, kenako musankhe zitatu zimene mukabwerera musanazione mtima ukuwawani. Zitatu, osati khumi. Mwina ndi mpikisano wa zovala, gemu imodzi yatsopano imene mukufuna kuyesa, ndi zokambirana za wojambula amene mumamutsatira. Lembani nthawi ndi holo ya chilichonse pa kapepala.

Ndiye muwerengere mzere. Ngati zokambirana zikuyamba 2 koloko ndipo wolankhulayo ndi wotchuka, nthawi yanu yofikira pakhomo si 2 koloko. Mufike kutatsala theka la ola kapena kuposa. Ku Nasrec maholo ndi otalikirana, mumatuluka panja padzuwa kuchoka ku ina kupita ku ina, ndipo m'khamu mtunda wa mphindi zisanu umatenga khumi ndi zisanu. Zinthu ziwiri zotsatizana m'maholo osiyana ndiye kuti chimodzi mwachitaya kale. Bola kusankhiratu muli kunyumba kusiyana n'kuthamanga pakati pa ziwirizo n'kuphonya zonse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Nthawi yotsalayo muisiye yopanda pulani. Zosangalatsa zambiri za malo otere sizilembedwa pa ndondomeko: gulu la anthu makumi awiri ovala za katuni imodzi litakumana mwangozi pakhonde, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akugonjetsa bambo wandevu pa gemu ya nkhonya anthu n'kumakuwa. Zimenezi mumazipeza mukamayenda mosathamanga.

Mukapita pagulu, musakakamizane kuyendera limodzi tsiku lonse. Aliyense ali ndi zitatu zake. Gwirizanani malo amodzi odziwika bwino ndi nthawi ziwiri zokumana, mwachitsanzo 1 koloko ndi 5 koloko, chifukwa anthu masauzande akaunjikana malo amodzi netiweki imafooka, uthenga wa WhatsApp umafika mnzanu atachoka kale pamene ananena.

Chikwama ndi nsapato

Tengani chikwama chaching'ono chakumsana. Muikemo botolo la madzi, power bank yodzaza ndi chingwe chake, chiphaso, mankhwala anu ngati mumamwa, timapulasitala ta matuza, mafuta opaka pamilomo ndi kajuzi kopepuka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake nyengo imeneyi ndi wouma, m'mawa kumazizira koma masana dzuwa limaswa mtengo. Ludzu limakupezani musanazindikire. Za chakudya cha kunyumba, werengani malamulo a chaka chimenecho musanalongedze.

Tikiti ijambuleni pafoni kuti ikhale m'zithunzi, musadalire kuitsegula pa intaneti muli pageti. Nsapato valani zakale zimene mapazi anazizolowera. Zatsopano zisiyeni.

Ngati mukufuna kuvala cosplay

Palibe lamulo loti muvale. Ambiri amangobwera ndi jinzi ndi tisheti. Koma ngati mtima ukufuna, yambani ndi chovala chosavuta, ndipo muyambe kutatsala milungu ingapo. Telala wa pamsika akhoza kukusokerani jekete kapena mkanjo wa ngwazi yanu mukamupatsa zithunzi zitatu, chakutsogolo, chakumbuyo ndi cham'mbali. Mumuuze kuti asiye mpata m'khwapa ndi m'chiuno. Ena amasoka zovala zoterezi ndi chitenje, ndipo m'khamu la anthu ovala zofanana zogula pa intaneti, iwowa ndi amene amaimitsidwa kujambulidwa. Za khungu musadandaule nazo. Ngwaziyo kaya ndi yoyera bwanji pa TV, valani zovala zake basi, nkhope yanu muisiye mmene ilili.

Zida ndi zodzitetezera pachifuwa anthu amapanga ndi thovu lolimba la EVA, longa la timateti tochitirapo masewera olimbitsa thupi. Limadulika ndi mpeni wakuthwa, limapindika mukalitenthetsa pang'ono, ndipo limamatika bwino ndi guluu wa nsapato uja wopaka mbali zonse ziwiri n'kudikira kuti aume kaye musanaphatikize. Guluu wa kandulo wothira ndi kamfuti ndi wachangu, koma amafewa pakatentha. Lupanga losiyidwa m'galimoto padzuwa mumalipeza chogwirira chili pachokha.

Chovala chikatha, chiyeseni kunyumba kwa ola lathunthu. Khalani pampando. Kwerani masitepe. Tolani kanthu pansi. Pitani kuchimbudzi muli nacho, chifukwa chovala chofuna anthu awiri kuti chivulidwe mudzachida pofika masana. Ngati pali wigi, mangani tsitsi lanu lifwatate, valani kaneti, ndipo wigiyo muigwirize ndi mapini angapo pamwamba pa makutu ndi kunkhongo. Magalasi a m'maso osintha mtundu musagule pamsika. Maso alibe sipeya. M'chikwama muwonjezere singano yolowetsa kale ulusi, mapini otsekera, tepi ndi kaguluu.

Zionetsero zotere zimayendera zida zonse pageti. Mpeni weniweni, lupanga lachitsulo, ndi chilichonse chotha kuwombera sizilowa. Chida chabodza amachiyang'ana, ndipo kawirikawiri amachimanga kachizindikiro kosonyeza kuti chaonedwa, musakachotse. Panjira, chida chilichonse chikhale chokulungidwa m'thumba. Mfuti yapulasitiki yooneka ngati yeniyeni ndi nkhani ina pa Beitbridge kapena m'misewu ya Johannesburg, ndipo ngati mukuchokera kutali ndi bwino kusankha ngwazi yosanyamula mfuti.

Pageti ndi ola loyamba

Fikani geti lisanatsegulidwe. Sitima ya Gautrain sifika ku Nasrec, ndiye ambiri opanda galimoto amakwera Uber kapena Bolt, matakisi oitana pafoni. Yerekezani nambala ya galimoto ndi ya pafoni musanakwere. Pamzere tsegulirani zipi ya chikwama, kwezani kuwala kwa foni kuti makina awerenge tikiti msanga, ndipo akakumangani kalamba padzanja musakadule mpaka masiku anu onse atatha.

Mukalowa, musaime pamashopu oyamba. Aliyense amaima pamenepo. Pitani molunjika ku chinthu chanu chokhala ndi mzere wautali kwambiri, makamaka magemu oyeserera, chifukwa ola loyamba ndi lokhalo limene mipando imapezeka yopanda anthu. Podutsa, ikani m'mutu pamene pali zimbudzi zakutali ndi khomo lalikulu, pothira madzi ndi pa chithandizo choyamba.

Kumagemu

Magemu ali pawiri. Pali oyeserera, pamene mumadikira, kusewera mphindi zochepa, n'kupatsa mnzanu. Ndiye pali mipikisano, imene ina imafuna kulembetsa chionetsero chisanayambe. Ngati munakulira m'tizipinda ta PlayStation tolipira pa gemu, mukumenya FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC, lembetsani ndithu. Mukaluza mwaluza, koma mudzaona kasewero kena.

Pa magemu a nkhonya monga Tekken ndi Street Fighter, mipikisano yambiri imatulutsa munthu akaluza kawiri, choncho mukagonja koyamba musanyamuke kupita kukadya. Dzina lanu liitanidwanso, ndipo mukasowa amakuwerengerani kuti mwagonja. Ngati akulola kubwera ndi padi yanu, bwerani nayo pamodzi ndi chingwe. Musanayambe, pemphani kuyesa mabatani. Mukamaliza, ichotseni padiyo pa makinawo kuti isalumikizanenso. Padi yopanda chingwe ikadinikizika m'chikwama imatha kuimitsa gemu ya anthu ena ali pakati pa nkhondo, ndipo maso onse amatembenukira kwa inu. Gwiranani chanza ndi mnzanuyo, mwawina kapena mwaluza.

Ngati magemu ndiwo moyo wanu wonse, dziwani kuti ku Johannesburg kulinso rAge, chionetsero cha magemu ndi makompyuta chimene chakhala chikuchitika kwa zaka zoposa 20, komwe anthu amabwera ndi makompyuta awo n'kusewera usiku wonse.

Ndalama zanu ndi matebulo a ojambula

Gawani ndalama musanalowe: za mayendedwe obwerera, za chakudya, za zogula. Zobwerera zikhale m'thumba lina ndipo musazikhudze. Kenako zungulirani kamodzi osagula kanthu, mukujambula pafoni zimene zakusangalatsani ndi nambala ya tebulo lake. Ulendo wachiwiri ndiye mugule. Mudzadabwa kuti zambiri zimene zinakukopani m'mawa simukuzifunanso.

Malo otchedwa Artist Alley ndi mizere ya matebulo pamene ojambula amagulitsa ntchito za manja awo: zithunzi, masitika, timabuku ta nthano zawo. Kwa ine kuno n'kumene ndalama imagwira ntchito. Chidole cha m'bokosi mukhoza kuchipeza pa intaneti chaka chilichonse, koma kabuku kosindikizidwa makope ochepa ndi wojambula wa ku Soweto kapena ku Harare simudzakaonanso. Ambiri amajambulanso zimene mwawapempha pomwepo. Lembetsani m'mawa, mudzatenge madzulo, chifukwa amalandira ntchito zochepa patsiku. Pano si pa kaunjika, musanenerere ngati mukugula malaya. Funsani ngati pali mtengo wapadera mukatenga zitatu, basi. Ndipo musajambule zithunzi zawo ndi foni osapempha.

Pa zidole, samalani ndi zachinyengo. Yang'anani dzina la kampani pabokosi, monga Bandai, Banpresto kapena Good Smile Company, ndipo pa katundu wa makatuni a Toei Animation pamakhala kasitika konyezimira kokhala ndi nkhope ya mphaka. Chidole chabodza chimadziulula pankhope: maso opendekeka, utoto wolowerera m'malire, pulasitiki yonyezimira ngati yapakidwa mafuta. Mtengo ukatsika modabwitsa, pali chifukwa.

Kujambula anthu

Munthu wovala bwino amasangalala kujambulidwa, koma pemphani kaye. Mawu ochepa a Chingerezi ndi kuloza foni n'zokwanira. Mpatseni kanthawi akonze wigi ndi kuima mmene akufunira. Musamukhudze, musamukolowekere dzanja m'chiuno, musanyamule chida chake, chinamutengera milungu. Amene akudya, amene wakhala pansi wavula chigoba, amene akuthamangira kuchimbudzi, musiyeni. Akakana, thokozani n'kupitirira. Ngati ndi mwana, funsani kholo. Jambulirani pambali, osati pakati pa njira, ndipo mufunse dzina lake la pa Instagram kuti mudzamutchule poika chithunzicho.

Ngati wina akukuvutitsani inuyo, akukutsatirani kapena kukujambulani mobisa, uzani mlonda kapena aliyense wovala yunifolomu ya okonza. Musadikire kuti zikule.

Kudya, kupuma ndi ana

Idyani isanakwane 12 koloko kapena itadutsa 2 koloko, apo ayi ola lonse lithera pamzere wa chipisi. Anthu ozolowera zionetsero za masiku angapo ali ndi lamulo lawo la 6-2-1: kugona maola 6, kudya kawiri, kusamba kamodzi tsiku lililonse. Lomalizalo anzanu a pamzere adzakuthokozani nalo. Sambani m'manja pafupipafupi, poti mapadi aja agwiridwa ndi anthu mazanamazana ndipo chimfine cha pambuyo pa chionetsero n'chodziwika.

Phokoso likakukwanani, tulukani panja mukakhale pamthunzi mphindi makumi awiri. Mukabwera ndi mwana, mulembeni nambala yanu padzanja, mumujambule m'mawa kuti mukhale ndi chithunzi cha zimene wavala, ndipo mumuonetse anthu a yunifolomu amene angawafikire akasochera. Pali gawo la ana lotchedwa KidsCon. Si anime yonse imene ndi ya ana, choncho onani kaye zimene zikuonetsedwa musanalowe naye m'holo.

Potuluka

Nyamukani kutatsala theka la ola kuti atseke, kapena khalani mpaka khamu litaphwa. Pakatikati apo aliyense amaitana galimoto nthawi imodzi ndipo mitengo ya Uber ndi Bolt imakwera. Dikirirani mkati mwa mpanda pamalo okwerera, foni isakhale m'manja pamsewu. Vulani chigoba ndi wigi musanakwere, dalaivala aone nkhope yanu. Pa tsiku lomaliza, ogulitsa ena amatsitsa mitengo madzulo posafuna kubwerera ndi katundu, ndiye ngati panali chimene chinakukanikani m'mawa, dutsaniponso. Zithunzi zamapepala muzipinde mozungulira n'kuziika m'kapaipi ka katoni, ndipo pa basi zikhale nanu pampando, zisapite kubuti. Malisiti a zonse mwagula muwasunge pamodzi ndi pasipoti, a kasitomu akafunsa pa Mwanza mungotulutsa.